Pepala linatilanda malo, lero pepala likutchinjiriza phiri

Mu July 2025, komiti ya UNESCO yoyang'anira malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi inakumana ku Paris n'kulemba phiri la Mulanje m'kaundula wake. Kufikira nthawi imeneyo Malawi anali ndi malo awiri okha m'kaundulayu: paki ya m'nyanja ya ku Cape Maclear, imene inalowa mu 1984, ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene zinalowa mu 2006. Tsopano malowo alipo atatu, ndipo achitatuwo timawaona ndi maso athu kuno ku Magomero kukacha kopanda nkhungu, tikayang'ana kum'mawa chakum'mwera, kutsidya kwa chigwa cha Phalombe. Chimwemwe changa n'chodzaza tsaya mpaka lero, ndipo sindikufuna kuchibisa.

Wina afunsa kuti munthu wa ku Chiradzulu akuvinira chiyani phiri la eni ake. Phiri limenelija si la eni ake okha. Madzi ake amadutsa m'boma lathu lino. Ambiri a ife agogo athu anabwera kuchokera ku Mozambique atalambalala m'munsi mwake, ndipo dzina lake analitchula ndi ulemu mpaka kumanda. Koma chachikulu n'chakuti ife a ku Magomero timadziwa bwino kuposa anthu ambiri m'dziko muno zimene pepala losainidwa kutali limatha kuchita pa nthaka imene munthu ukuiponda.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula minda kwa mafumu. Malo a ku Magomero, maekala oposa 160,000, anagwera m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Taganizirani: malo omwewa amene Bishopu Charles Mackenzie anamangapo mishoni mu 1861 pamodzi ndi anthu omasulidwa m'magoli a ukapolo, patangotha zaka makumi atatu anasanduka esiteti ya thangata. Alhomwe amene ankafika kuno kuthawa nkhanza za Apwitikizi ankapatsidwa pokhala, koma mtengo wake unali thukuta. Pamapepala inali miyezi iwiri pa chaka, umodzi wa lendi, wina wa msonkho. M'munda miyezi iwiriyo inkatambasuka, chifukwa tsiku linkalembedwa pa tikiti pokhapokha munthu atamaliza ndime imene kapitawo wamupimira. Ndime ikakukanika, tsiku lonse lapita pachabe. Mitengo inagwa kuti pakhale minda ya thonje, kenako inagwanso kuti ikhale nkhuni za m'mabalani a fodya. Sukulu ndi matchalitchi a John Chilembwe sizinkaloledwa pa esiteti, ndipo zimene anthu anamanga zinatenthedwa. Mapeto ake tonse timawadziwa: usiku wa pa 23 January 1915, anthu a Chilembwe ochokera ku Mbombwe anafika kuno, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, anaphedwa m'nyumba mwake. Landeg White analemba buku lathunthu la mbiri ya mudzi uno mu 1987, ndipo amene angalipeze aliwerenge.

Pa zaka zonsezo palibe amene anabwera kudzakhala pansi pa mtengo ndi kufunsa mayi wa pamudzi kuti mtsinje wa Namadzi ukauma akatunga kuti, kapena kuti msitu wa kumanda ukadulidwa mizimu ikausa pati. Lamulo linalipo, inde, koma linali mbali ya mwini chikalata. Boma litagula gawo lalikulu la esitetiyi m'zaka za m'ma 1950 anthu anapumako, koma khalidwe loti za nthaka zimagamulidwa kutali ndi eni nthaka silinachoke nthawi yomweyo.

Phiri la Mulanje nalo linali ndi pepala lake limene linkalidikira. Mu 1924 ofufuza miyala a boma la atsamunda anapeza bauxite pamwamba pa Lichenya. Ili ndi dothi lofiirira limene amapangira aluminiyamu, chitsulo chopepuka cha mapoto, mafelemu a mawindo ndi ndege. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake, kuphatikizapo wa kampani ya Lonrho cha m'ma 1970, anasonyeza kuti pamwambapo pali matani oposa 25 miliyoni. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, koma chitetezo chimenecho chinali chosamala matabwa a mkungudza kuti boma lizicheka mwadongosolo, sichinali mpanda wotsekereza migodi. Ndipo lamulo la migodi la 1981 linaika miyala yonse ya pansi pa nthaka m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Chiphaso chinkatuluka ku likulu. Panalibe lamulo lokakamiza wokumba kuyamba wamva maganizo a anthu okhala m'munsi.

Kuti mumvetse chimene chikanachitika, dziwani kakumbidwe ka bauxite. Sakumba dzenje lolowa pansi ngati mgodi wa golide wa ku Joni kumene agogo athu ankapita pa Wenela. Bauxite amakhala pamwamba, pansi pa udzu ndi dothi lochepa chabe. Ndiye makina amayamba achotsa udzu, zitsamba ndi mitengo yonse, kenako n'kupala dothi lakuda, n'kufika pa dothi lofiiralo, n'kumalikokolola malo aakulu ndithu. Pamafunika matani anayi kapena asanu a bauxite kuti patuluke tani imodzi ya aluminiyamu, ndipo poyenga pamatsala matope ofiira osakanikirana ndi soda woopsa, amene amayenera kusungidwa m'madamu zaka zambirimbiri. Mu 2010 damu lotere linaphulika ku Ajka m'dziko la Hungary, matope ake anakokolola midzi ndi kupha anthu khumi. Tsono udzu ndi dothi la pamwamba pa Lichenya ndi zimene zimamwa mvula ndi nkhungu ya chiperoni, n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono chaka chonse kupita ku Lichenya, Likhubula, Ruo ndi mitsinje ina. Ukachotsa chophimba chimenecho, mvula imatsika yonse tsiku limodzi, ndipo mu October mtsinje umasanduka mchenga.

Nanga n'chiyani chinaletsa kuti phirili lisasendedwe zaka zonsezo? Kunena mosapsatira, linali vuto la magetsi ndi mayendedwe. Kusungunula aluminiyamu kumadya magetsi ochuluka kwambiri, ndipo a ku Nkula ndi Tedzani sakanakwanira. Kutsitsa dothi kuchokera pamwamba pa phiri lotalika chotero kunalinso kodula. Phirili linapulumukira kusowa kwathu, osati lamulo. Chikanangopezeka chuma chokwanira ndi magetsi, palibe chikanaimitsa mathirakitala.

Pamene migodi inkachedwa, macheka sanachedwe. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwayandikira, n'chifukwa chake anthu ankawasenza pamutu kutsika nawo m'njira zoterera za phirilo usiku ndi usana. Moto wolusa unkatentha mbande zimene zikanalowa m'malo mwa makolo ake. Pofika 2017, owerenga mitengo anangopeza mikungudza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonselo. Imeneyo ndiye inali nthawi ya mdima weniweni, ndipo ambiri tinali titataya mtima.

Zinthu zinayamba kutembenuka mwakachetechete. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu ndime 13, analamula boma kusamala chilengedwe ndi kuganizira mibadwo yobwera. Mu 1996 panabwera lamulo loona za chilengedwe, limene linayambitsa zoti ntchito zikuluzikulu ziziyamba zaunikidwa. Chaka chotsatira, lamulo la zankhalango la 1997 linanena poyera kuti munthu sangafufuze kapena kukumba miyala m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo cha a zankhalango. Apa mpamene chiphaso cha migodi chinasiya kukhala kiyi wotsekula khomo lililonse. Lamulo lomweli linapatsa mafumu mphamvu yopatula nkhalango za m'midzi ndi kukhazikitsa makomiti oziyang'anira.

Koma lamulo lili m'buku silisiyana ndi khasu lopachikidwa pa denga: silimalima. Tsiku limene ndinakhulupirira kuti zinthu zasinthadi linafika mu 2012. Kampani ya Spring Stone, imene inali mgwirizano wa bungwe la boma la Japan lotchedwa JOGMEC ndi kampani ya Gold Canyon ya ku Canada, inkafufuza miyala yosowa pa Chambe, pamwamba pa phiri lomweli. Anthu a ku Mulanje anadandaula, ndipo sanathere pa kudandaula: anapita ku khoti lalikulu n'kukatenga chiletso, ntchito n'kuima. Pambuyo pake chiletsocho chinachotsedwa, koma mgodi pa Chambe sunatsekulidwe mpaka lero. Chimene chinandisangalatsa ine sichinali kutalika kwa chiletsocho. Chinali chakuti anthu wamba, zidzukulu za aja ankapimiridwa ndime ndi kapitawo, anaimitsa makina a makampani a mayiko awiri olemera ndi pepala lokhala ndi chidindo cha khoti. Mu 1915 munthu wa kuno wofuna kumvedwa anatsala ndi mkondo wokha. Mu 2012 anali ndi loya ndi woweruza. Amene sakuona kukula kwa kusintha kumeneku sanamve nkhani za agogo ake.

Kuchokera pamenepo malamulo anapitiriza kukhwima. Lamulo latsopano la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene liyenera kuvomereza lipoti la kafukufuku wa mmene ntchito idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, mgodi usanayambe. Lamuloli limanenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo akhoza kukasuma ufuluwo ukamaphwanyidwa. Mu 2019 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa lamulo la migodi la 1981 lija, miyala n'kukhala ya dziko la Malawi osati yosungidwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo kampani ya mgodi waukulu inayamba kukakamizidwa kusainirana pangano la chitukuko ndi midzi yoyandikana nayo. Mu 2020 zilango za owononga nkhalango zinakwezedwa kwambiri, ndipo lamulo la migodi la 2023 linabweretsa bungwe lapadera loyang'anira ziphaso.

Mukafuna kuona malamulo amenewa akuyenda ndi miyendo, pitani pa msonkhano wa kafukufuku wa zachilengedwe pamene wafika m'dera lanu. Galimoto zimaima pa bwalo la sukulu kapena kwa a gulupu. Alendo amatsika ndi mapu awo ndi mabotolo a madzi, n'kuyamba apereka ulemu kwa mafumu, ndipo mpando wabwino umakhala wa amfumu, osati wa bwana wa kampani. Pepala lolembapo mayina limazungulira, amene sadziwa kulemba n'kudinda chala. Ndiye pamabwera nthawi ya mafunso. Amayi amene kale ankakhala kumbuyo pa mphasa osatsekula pakamwa masiku ano amagwada pang'ono, kuomba m'manja, n'kuyamba ndi "Zikomo amfumu, zikomo alendo athu," kenako n'kufunsa zolasa: fumbi likagwera pa ufa umene tayanika, tikadandaule kwa yani? Nyumba ikang'aluka ndi kuphulitsa miyala, adzalipire ndani? Manda athu mwawaika pati pa mapu anuwo? Mnyamata wina amajambula zonse pa foni. Wolemba wa kampani amakakamizika kulemba funso lililonse, chifukwa lipoti lopanda mawu a anthu silikwanira. Sindikunena kuti mayankho ake amakhala okhutiritsa nthawi zonse. Koma kungoona bwana wovala buti zaukhondo akutuluka thukuta pofunafuna yankho loti apatse gogo wa chitenje chakutha, mtima wanga umadumpha ndi chisangalalo. Malemu agogo athu akanadzuka n'kuona zimenezi, nthungululu zake zikanamveka mpaka ku Thondwe.

Nkhani ya madzi ndiyo inamangiriza Chiradzulu ku phirili ndi chingwe chooneka ndi maso. Bungwe la Blantyre Water Board, limene kwa zaka zambiri linkadalira kwambiri kupopa madzi a Shire kuchokera ku Walker's Ferry kukwera nawo mtunda, linaika mapaipi kuchokera mu mtsinje wa Likhubula mpaka ku Nguludi, m'boma lathu lino, kumene kuli malo oyeretsera madziwo. Ntchitoyi, ya ngongole yochokera ku India, inatha mu 2019, ndipo inakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Ubwino wake ngwakuti madziwo amayambira pamwamba, choncho mbali yaikulu ya ulendo wake amatsika okha. Anthu a ku Mulanje poyamba anaikana ntchitoyi, ndipo china chimene ankafuna n'chakuti amene akutenga madzi abwezeretse mitengo m'phiri. Anali ndi mfundo. Zotsatira zake n'zakuti lero munthu wa ku Nguludi kapena ku Bangwe akatsekula mpopi, akumwa mvula imene inagwa pamwamba pa Mulanje. Otsutsa mgodi wa bauxite anachuluka tsiku limene mapaipi aja anadzaza, ngakhale ena mwa iwo sanalikwerepo phirilo.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu March 2023. Pano sindingaseke. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Kwa Mtauchira, m'dera la Mfumu Likoswe konkuno ku Chiradzulu, matope ndi miyala zotsika m'phiri zinafafaniza mudzi. Ku Chilobwe m'munsi mwa Soche zinali chimodzimodzi, ku Phalombe ndi ku Mulanje nakonso. Akuluakulu anati napolo wadutsa, monga anadutsira ku Phalombe mu 1991 ndi ku Zomba mu 1946. Mvula ija inali yoopsa moti ngakhale mapiri a mitengo anagumuka, koma aliyense anaona ndi maso ake kuti phiri lometedwa siligwira madzi ngakhale pang'ono. Kuyambira chaka chimenecho, munthu wolankhula zosenda pamwamba pa phiri amalankhula kwa anthu amene anakumba abale awo m'matope ndi makasu.

N'chifukwa chake kampani ya Akatswiri Mineral Resources itabwera ndi maganizo okumba bauxite pa Lichenya, inapeza dziko losiyana ndi limene Lonrho inapeza. Mafumu analankhula. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linalankhula. Operekeza alendo m'phiri ndi onyamula katundu wawo, amene chakudya chawo chimachokera m'njira za ku Chambe, Lichenya ndi Sapitwa, analankhula. Nkhani inali pa wayilesi, m'nyuzipepala, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Kampaniyo inali ndi mfundo zake za ntchito ndi ndalama zakunja, ndipo inali ndi ufulu wozinena. Chatsopano chinali chakuti mbali inayo inali ndi mawu ofanana kukula kwake, ndiponso malamulo m'manja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ulendo uno mitu inachuluka.

Ndiye kunabwera uthenga wa ku Paris uja. Chimene chimandikoma kwambiri n'chifukwa chimene phirili linalembedwera. Sanalilembe chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa kokha, mamita 3,002, kapena chifukwa cha mkungudza, ngakhale kuti UNESCO yomweyo inali italizindikira kale mu 2000 monga malo ofunika a zachilengedwe. Analilemba monga malo a chikhalidwe, chifukwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalitenga kukhala mokhala mizimu, malo a nsembe ndi miyambo. Zinthu zomwe zija amishoni ena ankazitcha zachikunja, zomwe zija mwana wasukulu ankachita nazo manyazi kuzitchula pamaso pa aphunzitsi, ndizo zakhala chishango cha phiri. Gogo amene ankakuuza kuti usaloze Sapitwa mwachipongwe, kuti ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako, lero mawu ake ali mbali imodzi ndi chigamulo cha mayiko a dziko lonse. Tchopa, gule wa Alhomwe, analowa kale m'kaundula wina wa UNESCO mu 2014. Tsopano ng'oma ndi phiri zonse zalembedwa.

Kulembedwaku pakokha si loko. UNESCO ilibe apolisi, ndipo amene amapereka kapena kulanda ziphaso ndi boma la Malawi. Koma kulemera kwake nkwenikweni. Komiti ija inanena kalekale ndipo imabwereza kuti migodi siyenderana ndi malo a m'kaundula wake. Mu 2003 bungwe la makampani akuluakulu a migodi pa dziko lonse, ICMM, linalonjeza kuti mamembala ake sadzafufuza kapena kukumba m'malo oterewa, ndipo mabanki ambiri akuluakulu sabwereketsa ndalama ku ntchito yotere. Dziko likanyozera, manyazi ake amakhala a poyera: mu 2007 malo osungirako nyama a Arabian Oryx ku Oman anafufutidwa m'kaundula boma litawachepetsa kwambiri pofuna kufufuza mafuta. Nduna iliyonse imene ingafune kusainira mgodi pa Lichenya tsopano ikudziwa kuti dzina lake lidzatchulidwa kutali, komanso kuti kunyumba kuno kuli khoti, MEPA, a zankhalango, mafumu ndi omwa madzi a Likhubula. Kale panali khomo limodzi, lero alipo ambiri, ndipo lililonse lili ndi mlonda wake.

Pasakhale wondimva molakwa ngati ndimadana ndi migodi. Nyumba zathu zimafuna kwale, ndipo amene amadutsa pa Njuli popita ku Limbe amadziwa kumene miyala yambiri yomangira misewu ndi nyumba za mumzinda imachokera. Ndimawalemekeza amayi amene amakhala m'mbali mwa msewu ndi hamala, mwala waukulu pakati pa miyendo, n'kumaphwanya kuyambira m'mawa kuti madzulo agulitse wilibala imodzi ana adye. Ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala yosowa imene dziko lonse likuifuna, ndipo ndikufuna achinyamata athu akapeze ntchito kumeneko m'malo mothawira ku Joni. Dziko losauka ngati lathu silingakhalire chuma chake. Chimene malamulo atsopanowa achita n'kusiyanitsa malo: apa kumba utafunsa, utalipira ndi kulonjeza kukwirira; apo pamene pamabadwira mitsinje, usayerekeze. M'nkhalango ya Namizimu ku Mangochi, kumene anthu anakhamukira kukakumba miyala popanda chilolezo, boma linachita kutumiza asilikali kukawachotsa. Zimenezo zikusonyeza kuti njala ya miyala ikadalipo, komanso kuti mzere wa nkhalango wayamba kuwerengedwa ngati mzere weniweni.

Nawo mkungudza ukubwerera, ndipo apa ndiye pokoma kuima kanthawi. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi a kafukufuku wa zankhalango a FRIM ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International, linathandiza midzi yozungulira phirili kutsekula manazale. Njere zambiri zinachokera ku mikungudza imene inadzalidwa kale pa phiri la Zomba, choncho mtengowu ukubwerera kwawo kuchokera kumene unakasungidwa. Pa nazale pamakhala shedi ya udzu, mizere ya machubu akuda odzaza dothi losefa, ndi amayi onyamula makheni othirira. Kambande ka mkungudza kakangomera kamakhala kanthete, kosalimba, moti dzuwa la tsiku limodzi likhoza kukapsereza. Akakasamala miyezi ingapo, mvula ikayamba amakaika m'dengu pamodzi ndi tinzake, n'kusenza pamutu kukwera njira zomwe zija matabwa ankatsikira. Katundu amene kale ankatsika phiri atafa, lero akukwera ali moyo, ndipo wosenzayo akulandira malipiro osathawa mlonda. Mbande zodzalidwa zafika mazana a zikwi. Zambiri zafa ndi moto ndi chilala, ndipo zotsalazo zidzatenga zaka makumi angapo kuti zifike pa msinkhu wa makolo awo. Komabe kuchoka pa mitengo isanu ndi iwiri kufika pa timitengo tambirimbiri tobiriwira m'zigwa za pamwamba, ameneyo ndi ulendo woyenera ng'oma.

Kuno kwathu kusinthaku kumaoneka pa zinthu zing'onozing'ono. Kale lole ikabwera kudzatapa mchenga mu mtsinje, anthu ankangoyang'ana gombe likugumuka, dimba la munthu likupita ndi madzi, poganiza kuti amene ali ndi galimoto ali ndi chilolezo. Masiku ano mawu oyamba amene dalaivala amamva ndi akuti, "Achimwene, mapepala a kukhonsolo ali kuti? Amfumu akudziwa?" Makomiti a zachilengedwe a m'midzi ali ndi timabuku tawo, ndipo pali midzi imene yapatula kankhalango kake komwe mbuzi ndi nkhwangwa sizilowa. Makala akadatsikabe pa njinga m'bandakucha, ndipo phiri lathu la Chiradzulu, limene nalonso ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, lili ndi zipsera zambiri. Koma lamulo limene laima pa Lichenya ndi lomwelo limene limakuta Chiradzulu, Zomba, Malosa ndi Michesi, ndipo anthu aona tsopano kuti likagwiritsidwa ntchito limaluma.

Mvula ikatha chaka chino tikufuna kusonkherana ndi achinyamata a kuno, tipeze minibasi, tidzere msewu wa Midima. Tidzaima pa Nguludi kuti aone kumene madzi a m'phiri amafikira, kenako Chitakale, n'kukhotera ku Likhubula. Ambiri mwa iwo anabadwa akuliona phirili chapatali koma sanapondepo. Tidzalemba woperekeza wa komweko, timulipire mtengo wake wonse osanenerera, atitsogolere mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo amene miyendo yawo ili ndi mphamvu adzapitirira kukagona pa Lichenya.